Kandege kauluke, nyumba isapse: kupewa kutentha kwa mabatire odzipangira nokha

Ngati mumakhala ku Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo umakumana ndi Shire, palibe amene angakuphunzitseni za kutentha. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala dzuwa limafika madigiri 40, masiku ena kupitirira, ndipo m'nyumba yamalata masana munthu sukhalamo. Zikatero anthu timathawira pansi pa mtengo, ziweto zimafuna mthunzi, koma pali chinthu china m'nyumba zathu chimene chimavutika ndi kutentha kumeneku popanda kulira. Chinthucho ndi batire.

Nkhaniyi talembera inu achinyamata amene mwayamba kulumikiza nokha timabatire totsala m'malaputopu ndi m'zipangizo zina kuti muulutsire tindege tanu todzipangira. Talemberanso inu makolo ndi aphunzitsi amene ntchito imeneyi ikuchitikira pakhomo panu kapena pasukulu panu. Ngakhale inu amene simunaganizepo zopanga kandege musatseke tsambali, chifukwa batire la mtundu womwewu ndi limene lili m'foni yanu, m'nyale ya sola ndi m'tochi yotchaja.

Chifukwa chiyani nkhaniyi ikutikhudza kuno?

Tindege topanda woyendetsa, timene ambiri amati ma drone, si tachilendo m'Malawi muno. Mu Juni 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF linatsegula malo oyeserapo tindege totere ku Kasungu. Mu Novembala chaka chomwecho, ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, anapanga kandege kotchedwa EcoSoar ndi zipangizo zopepuka zosakwera mtengo, ndipo kanauluka kokha mtunda wa makilomita 19. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege timeneti. Chaka chomwecho kampani ya Swoop Aero ya ku Australia inayamba kunyamula mankhwala ndi zokayeza ku labotale pa tindege totere m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa.

Kwa ife a m'chigwa, phindu lake ndi losachita kufunsa. Chikokolokere njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Makhanga mu 1997, ulendo wopita tsidya la kum'mawa kwa Shire wakhala wa pabwato. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya midzi ina ili ngati zilumba. Mwana amene anaona kandege kakutera pachipatala cha kwawo ndi mankhwala pamene galimoto sikanatha kufika, n'zosadabwitsa kuti lero akufuna kupanga kake. Chidwi chimenechi ndi chabwino ndipo tiyenera kuchilimbikitsa.

Vuto ndi lakuti batire logula kale lopangira kandege ndi lodula komanso losowa. Choncho wachinyamata amaphwasula batire la laputopu yakufa, n'kutulutsamo timabatire tobulungira, n'kutimanga pamodzi kukhala mtolo umodzi. Mtolo umenewu ungathe kugwira ntchito bwinobwino. Ungathenso kutentha mpaka kuyaka, ndipo moto wake ukagwira udzu wa denga, masikito kapena matiresi, kuzimitsa kwake n'kovuta.

M'kati mwa kabatire muli chiyani?

Mabatire amenewa amatchedwa a lithium. Kampani ya Sony ndiyo inayamba kuwagulitsa mu 1991, ndipo mu 2019 akatswiri atatu amene anawatulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphotho ya Nobel. Amakondedwa chifukwa ndi opepuka koma amasunga mphamvu yochuluka, n'chifukwa chake amatha kunyamula kandege.

Kabatire kobulungira ka m'laputopu dzina lake ndi 18650, kutanthauza kuti m'mimba mwake ndi mamilimita 18 ndipo kutalika kwake ndi mamilimita 65. Palinso ena afulati okutidwa m'kathumba konyezimira, otchedwa LiPo, amene opanga tindege amawakonda kwambiri. Onsewa m'kati mwake muli timapepala tiwiri tachitsulo topyapyala, ka pozitivu ndi ka negativu, tokulungidwa pamodzi. Pakati pake pali kapepala ka pulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi, ntchito yake n'kuletsa kuti awiriwo asakhudzane. Zonsezi zanyowetsedwa ndi timadzi timene timayaka ngati petulo.

Ndiye taganizirani: mphamvu yochuluka, timadzi toyaka, ndipo chotchinga chake n'kapepala ka pulasitiki basi. Kabatire kakatentha kufika cha m'madigiri 80 mpaka 100, mankhwala a m'kati amayamba kuwonongeka ndi kutulutsa kutentha kwawokwawo. Kakafika cha m'madigiri 130, kapepala kaja kamasungunuka, pozitivu ndi negativu n'kukhudzana. Apa ndiye kutentha kumakwera kokha m'kanthawi kochepa mpaka madigiri mazanamazana. Ngakhale mutadula waya, sikaleka. Kamatulutsa utsi wapoizoni ndi malawi, kenako kamayatsa kanzake koyandikana nako, mpaka mtolo wonse.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera osaphunzira okha. Mu Januwale 2013 ndege zonse zikuluzikulu za mtundu wa Boeing 787 zinaimitsidwa kwa miyezi ingapo mabatire a lithium atapsa m'ndege ziwiri. Mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa ndi kusiya kupanga mafoni a Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka. Ngati makampani okhala ndi akatswiri ndi makina oyezera anapunthwa, nanji ife olumikizira pakhonde?

Kutentha kumachokera kuti?

Magetsi akamadutsa m'waya kapena m'batire amakumana ndi chopinga, monga mmene madzi amavutikira kudutsa mu ngalande yopapatiza. Chopinga chimenechi chimayezedwa mu ma ohm, ndipo kulimbana nacho ndiko kumabala kutentha. Kuchuluka kwa magetsi oyenda kumayezedwa mu ma amp. Lamulo loti muligwire pamtima ndi ili: mukawirikiza kawiri ma amp, kutentha kumawirikiza kanayi. Mukawirikiza katatu, kutentha kumawirikiza kasanu ndi kanayi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwamanga mtolo wa timabatire 6: magulu atatu otsatizana, gulu lililonse muli tiwiri togundizana. Mota wa kandege kanu ukukoka ma amp 20. Ndiye kuti kabatire kalikonse kakupereka ma amp 10. Kabatire kakale ka m'laputopu kangathe kukhala ndi chopinga cha 0.1 ohm. Kuti mupeze kutentha, chulukitsani 10 ndi 10 ndi 0.1, mupeza ma watt 10 pa kabatire kamodzi, ma watt 60 mtolo wonse. Amene munagwirapo babu lakale lija la ma watt 60 likuyaka mukudziwa mmene limaotchera zala. Kutentha konseko kwatsekeredwa m'mimba mwa kandege. Popanda mpweya woziziritsa, kabatire kotere kamakwera ndi madigiri pafupifupi 13 pa mphindi iliyonse.

Tsopano tengani kabatire katsopano kopangidwira makina obowolera, kamene chopinga chake chili cha m'ma 0.02 ohm. Pa ma amp 10 omwewo kamatulutsa ma watt 2 okha. Maonekedwe ndi amodzi, kukula n'kumodzi, koma kutentha kwachepa kasanu.

Kuno batire limayamba ntchito litatentha kale

Opanga mabatire a lithium amalangiza kuti atchajidwe pa kutentha kosapitirira madigiri 45, ndipo akamagwira ntchito asapitirire madigiri 60. Mnzanu woulutsa kandege ku Dedza m'mawa wa Juni, kunja kuli madigiri 15, ali ndi mpata wa madigiri 45 asanafike pamalire. Inu ku Chiromo masana a Okutobala, kunja kuli madigiri 40, mpata wanu ndi madigiri 20 okha. Mtolo wa timabatire takale tija ungadye mpata umenewu mphindi ziwiri zisanathe. Potchaja ndiye mwatsala ndi madigiri 5 basi. Batire mukalisiya padzuwa, pamchenga wotentha kapena pawindo la nyumba yamalata, limadutsa malirewo musanalilumikize n'komwe.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Malangizo ambiri amene mumaona pa intaneti analembedwa ndi anthu a m'maiko ozizira. Zimene iwo amachita n'kupulumuka, inu zingakupsetseni. Choncho chilichonse chimene muchite, posankha timabatire, polumikiza, poulutsa ndi potchaja, cholinga chikhale kusiya mpata.

Posankha timabatire

Chida choyamba kugula, musanagule mota kapena pulopela, ndi mita yoyezera magetsi. Popanda mita mukugwira ntchito mumdima. Kabatire kodzaza kamaonetsa ma volt 4.2, ndipo pakati pa ntchito kamakhala cha m'ma 3.7.

Yezani kabatire kalikonse kamene mwatulutsa m'chipangizo chakale. Kamene kakuonetsa ma volt ochepera 2.5 kaikeni pambali, musayese kukadzutsa. Kabatire kakakhala nthawi yaitali kali kotheratu, m'kati mwake mumamera tizitsulo tosongoka timene tingaboole kapepala kotchinga kaja tsiku limene simukuyembekeza. Kotsala katchajeni kamodzikamodzi mpaka 4.2, mukukhudza pafupipafupi. Kamene kakutentha potchaja n'kodwala. Kenako lembani nambala pa kalikonse, tisungeni milungu iwiri, muyezenso. Kamene katsika kokha kufika pansi pa 4.1 kakudontha m'kati, kachotseni.

Yang'ananinso chikopa chake. Thupi lonse lachitsulo la kabatire ka 18650 ndi negativu, ndipo pamwamba limathera pafupi kwambiri ndi kachipewa ka pozitivu. Pulasitiki yokutira ikang'ambika chakumutu, kawaya kakang'ono kangathe kuchititsa shoti. Kopindika, kadzimbiri kapena konunkha musakagwiritse ntchito.

Mumtolo umodzi ikani timabatire ta mtundu umodzi, msinkhu umodzi ndi mphamvu zofanana. Mukamanga ng'ombe yamphamvu ndi yofooka pangolo imodzi, yofookayo ndiyo imagwa. Kabatire kofooka kamatha moto msanga anzake akadali ndi mphamvu, kamadzaza msanga potchaja, ndipo ndiko kamatentha koyamba.

Dziwaninso kuti timabatire ta m'laputopu tinapangidwa kuti tizipereka magetsi pang'onopang'ono kwa maola angapo, ndipo tambiri sitiyenera kupitirira ma amp 5. Timayenera nyale, wailesi ndi kutchajira foni. Pa kandege pamafunika topereka ma amp 15 kapena 20, monga ta m'makina obowolera. Ngati muli ndi ta m'laputopu tokha, pangani kandege kopepuka, ka mapiko aatali, kouluka mofatsa ndi mota waung'ono.

Chenjerani ndi zolembedwa zabodza. Kabatire keni keni ka 18650 sikapitirira kwenikweni 3,600 mAh ndipo kamalemera magalamu pafupifupi 45. Mukaona pamsika kolembedwa 9,900 mAh koma kopepuka m'manja, dziwani kuti wopangayo wanama, ndipo wonama pa mphamvu sangakhale woona pa chitetezo. Pa mabatire a LiPo pamakhala nambala yotsatana ndi chilembo C. Batire la 2,200 mAh lolembedwa 25C limati lingapereke ma amp 55. Inu kuno musalikokere kupitirira theka la nambala imeneyo.

Polumikiza

Malo olumikizira osagwira bwino ndi mbaula yaing'ono. Waya wongopotokola ndi kumata ndi tepi amakhala ndi chopinga chachikulu, ndipo kandege kakamanjenjemera amamasuka. Njira yabwino ndi makina owotcherera timalamba ta nikelo ndi kuthetheka kwa kamphindi, chifukwa satenthetsa kabatire. Ngati mulibe ndipo mukuwotcherera ndi mtovu, palani kaye malowo, gwiritsani ntchito chitsulo chotentha bwino cha mutu waukulu, ndipo musakhalitse pa kabatire kupitirira masekondi awiri kapena atatu. Zikakanika, dikirani kazizire musanayesenso. Chitsulo chofooka chimene mumakanikiza nthawi yaitali chimaphika m'kati mwa kabatire.

Waya wamkulu wopita ku mota akhale wonenepa. Pa ma amp 20 pamafunika waya wofewa wa tiwaya tambirimbiri, wonenepa ngati wa masoketi a m'nyumba, wa 2.5 mm. Waya wa tchaja ya foni sangathe, amasungunuka. Akhalenso wamfupi, ndipo pulagi yake ikhale yogwira zolimba yosatheka kuilowetsa chotembenuza.

Siyani kampata ka milimita imodzi kapena awiri pakati pa timabatire, ndipo pamitu ikanipo kapepala kolimba kotchinga. Musakulunge mtolo ndi tepi kambirimbiri ngati mukumanga mpira wachikulunga, chifukwa tepiyo imakhala bulangete. Pogwira ntchito vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo patebulo pasakhale misomali, makiyi kapena ndalama zachitsulo.

Mtolo wogwiritsa ntchito m'nyumba ukhale ndi fyuzi komanso kabolodi koteteza kotchedwa BMS, kamene kamadula magetsi kabatire kakadzaza kwambiri, kakatha kwambiri kapena pakachitika shoti. William Kamkwamba wa ku Kasungu, atapanga makina ake amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ali mnyamata, anadzipangiranso chodulira magetsi ndi misomali, waya ndi maginito kuti nyumba ya makolo ake isapse. Luso lenileni limaganiziranso za tsiku limene zinthu zidzalakwike.

M'kandege

Tindege tambiri todzipangira thupi lake ndi la zoyera zopepuka zija amatetezera nazo mafiliji ndi ma TV m'makatoni. Zimenezi ndi zomwenso amapangira mabokosi osungira katemera, chifukwa sizilola kutentha kudutsa. Batire mukalitsekera m'menemo kutentha kwake kulibe kolowera. Boolani kabowo kutsogolo kolowera mpweya, ndi bowo lokulirapo kumbuyo lotulukira, kuti mphepo izidutsa pa batire. Batire lisagundane ndi mota kapena ndi kabokosi kolamulira liwiro kotchedwa ESC, chifukwa nazonso zimatentha. Limangeni zolimba kuti kandege kakagunda pansi lisalumphire pa sikuluwu kapena pa chitsulo cha mota.

Pulopela yokula mopitirira imakoketsa mota ma amp ochuluka. Kandege kolemera nakonso kamafuna mphamvu yonse nthawi zonse. Gwiritsani ntchito mphamvu yonse ponyamuka pokha, mukakwera bwezani pakati. Kumbukirani lamulo lija: kuchepetsa ma amp ndi theka kumachepetsa kutentha kanayi.

Ulutsani m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena chakumadzulo. Tsitsani kandege kabatire kalikonse kasanatsike pansi pa ma volt 3.5 ngati ndi LiPo, kapena 3.0 ngati ndi 18650. Kakatera, gwirani batire. Likakhala lofunda, zili bwino. Ngati simungathe kuligwira kwa masekondi asanu, mwafika pamalire, ndipo pali chofunika kusintha: pulopela yaing'ono, katundu wochepa, mabowo aakulu kapena timabatire tabwino. Pewani kuulutsira pamwamba pa nyumba zaudzu, nkhokwe, minda ya nzimbe kapena tchire louma, ndiponso kutali ndi pamene tindege tonyamula mankhwala timatera.

Potchaja, pamene ngozi zambiri zimachitikira

Malire a kabatire kamodzi ndi ma volt 4.2. Mtolo wa magulu atatu otsatizana umadzaza pa 12.6. Apa pali msampha umene wakola ambiri. Popeza anthu amati mtolowu ndi wa ma volt 12, amaulumikiza ku tchaja ya batire la galimoto, imene imapereka ma volt 14 kapena kupitirira. Ena amalumikiza mwachindunji ku sola ya padenga, imene dzuwa likaswa mtengo imafika ma volt 18 mpaka 22. Batire la galimoto limapirira nkhanza zotere kwa kanthawi. La lithium silipirira. Limafufuma, kenako limayaka.

Gwiritsani ntchito tchaja yopangidwira lithium, makamaka imene imayeza gulu lililonse palokha kudzera m'timawaya tating'ono. Kufunika kwake n'kotani? Mita ingaonetse 12.6 pa mtolo wonse, inu n'kumati zili bwino, chonsecho gulu lina lili pa 4.0, lina pa 4.1, lachitatu pa 4.5. Lachitatulo ndi limene lidzayatse nyumba. Ngati mulibe tchaja yotere, mangani mtolo wotheka kumasula, muzitchaja kabatire kamodzikamodzi.

Tchajani pang'onopang'ono. Batire la LiPo la 2,200 mAh lisapitirire ma amp 2.2, ndipo nyengo yotentha theka lake ndi labwino koposa. Timabatire takale ta 18650 tipatseni theka la amp kapena amp imodzi. Batire lochokera kouluka lipume mphindi 30 pamthunzi musanalitchaje.

Malo otchajira akhale pamthunzi podutsa mphepo, pasimenti kapena padothi, kutali ndi matiresi, masikito, zovala, thonje ndi zigubu za petulo. Mphika wadothi wothira mchenga wouma pansi ndi malo abwino kwambiri, ndipo suvuta kupeza. Musauvundikire zolimba. Pambali pakhale ndowa ya mchenga. Musatchaje pakhomo potulukira, chifukwa moto ukabuka udzakutsekerani m'kati.

Kuposa zonse, musatchaje mukugona kapena mutachoka. Tikudziwa mmene magetsi amavutira. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130, ndipo ambiri tinazolowera kusiya zinthu pasoketi kuti magetsi akabwera usiku zitchajike zokha. Chizolowezi chimenechi n'choopsa pa mtolo wodzipangira. Ndi bwino kuphonya tsiku limodzi loulutsa kandege kusiyana n'kudzutsidwa ndi utsi.

Posunga, ndi madzi akasefukira

Batire lodzaza kwambiri likakhala pamalo otentha limakalamba msanga. Ngati simuligwiritsa ntchito masiku angapo, lisiyeni pa ma volt 3.8 kabatire kalikonse. Ngakhale oyendetsa ndege zikuluzikulu amadziwa zimenezi: kuyambira mu Epulo 2016 mabatire a lithium otumizidwa paokha ngati katundu wa pandege amayenera kukhala ndi moto wosapitirira 30 pa 100 iliyonse. Sungani pamalo ozizira kwambiri m'nyumba, chapansi, kutali ndi malata, mitu yake itamatidwa tepi, pamene ana sangafike.

Nyengo ya mvula ikayandikira kwezani mphika wanu pamalo amene madzi safika. Batire limene lamizidwa m'madzi osefukira musalikhulupirirenso ngakhale litauma ndi kuoneka bwino. Matope ndi dzimbiri zimapitiriza kudya m'kati, ndipo lingayake patapita masiku. Chimodzimodzi batire limene lagwa ndi kandege mwamphamvu: liikeni panja pamchenga tsiku lathunthu mukuliyang'anira.

Zizindikiro zoti musazinyalanyaze

Lekani kugwiritsa ntchito batire mukaona kuti lafufuma, likutentha lili chikhalire, likutulutsa fungo lotsekemera ngati la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, likuchucha timadzi, kapena likulira ngati mpweya ukutuluka. Lofufuma musaliboole kuti muphwetse, ndipo musalikanikize. Litulutseni panja ndi fosholo kapena chopanira, muliike pamchenga.

Batire lakufa musaliponye pamoto wa zinyalala, m'chimbudzi, mumtsinje kapena pafupi ndi mjigo. Limalizeni moto pang'onopang'ono panja polilumikiza ku kababu kakang'ono mpaka kazime, matani mitu yake, mulisunge mumphika wa mchenga, ndipo funsani a zachilengedwe ku boma za kokalisiya.

Moto ukabuka

Tulutsani anthu onse, makamaka ana ndi odwala mphumu, chifukwa utsi wake umaotcha mapapo ndi maso. Zimitsani soketi ngati mungathe kufika bwinobwino. Thirani mchenga wambiri pa batire. Magetsi akazimitsidwa, madzi ochuluka amathandiza kuziziritsa timabatire totsala ndi kuzimitsa zinthu zoyandikana. Musaligwire ndi manja ndipo musaweramirepo, chifukwa kabatire kangathe kuthamanga ngati chipolopolo. Moto ukazima lisiyeni panja tsiku lonse, poti limatha kuyakanso.

Munthu akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Vulani mphete ndi zibangili malowo asanatupe, koma chovala chomatirira pakhungu musachikoke. Phimbani ndi nsalu yoyera. Musapake dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, dothi kapena ndowe, ndipo matuza musawaboole. Timadzi ta m'batire tikagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri osaleka msanga. Thamangirani kuchipatala ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, ngati lili kumaso, m'manja, kumapazi kapena kumaliseche, ngati wopsayo ndi mwana, kapena ngati wapuma utsi ndipo akutsokomola ndi kubanika. Pitani chimene chili pafupi, kaya ku Trinity ku Muona, ku Kalemba ku Bangula, ku Montfort ku Nchalo kapena kuchipatala cha boma ku Nsanje, ndipo auzeni achipatala kuti wapsa ndi batire la lithium.

Kwa inu makolo ndi aphunzitsi

Mukapeza mwana wanu ali ndi timabatire ndi mawaya, musamulande n'kukataya. Mukamuletsa adzakachitira mobisa, mwina m'chipinda chogona usiku, kumene ngozi yake ndi yaikulu. Mupatseni malo pakhonde kapena pansi pa mtengo, mphika wadothi ndi ndowa ya mchenga. Mufunseni mafunso atatu: kabatire kalikonse wakayeza? Ukutchajira chiyani? Ndani akuyang'anira? Akayankha mosakayika, ndiye kuti akudziwa chimene akuchita. Akakanika, mutumeni kwa wokonza mafoni kapena mphunzitsi wa sayansi amene ali ndi mita. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pasukulu, achinyamata angathe kusonkherana n'kugula mita imodzi ndi tchaja imodzi yabwino yogwiritsa ntchito onse, n'kukhala ndi kabuku kolembamo nambala ya kabatire kalikonse, ma volt ake ndi tsiku limene kanayezedwa. Mtengo wa zida ziwirizi sungafanane ndi wa denga latsopano kapena wa miyezi yogona m'chipatala. Ndipo mwana amene wazolowera kuyeza asanalumikize ndi amene mawa adzadaliridwe kusamalira batire la kandege konyamula mankhwala kuwoloka Shire madzi atadzaza.